Mfundo Imene Inasowa Wachiwiri

Panali munthu wina kumapiri, dzina lake Kipriyano, mkhristu wa mpingo wa Anglican. Dziko lake musandifunse, mungayambe kulozana zala.

Tchalitchi chawo chinali kumathero a parishi, kutsidya la mtsinje wopanda mlatho. Wansembe anali mmodzi, matchalitchi ambirimbiri. M'chilimwe ankafika mwa apo ndi apo pa njinga yamoto. Mvula ikagwa ankangomveka mbiri. Lamulungu katekisiti ankawerenga Mawu, anthu n'kuimba, n'kubalalika osalandira Ukaristia. Athanzi ankapirira, podziwa kuti chilimwe chibweranso. Odwala ndiwo analibe chilimwe choti adikire.

Kipriyano anali ndi mkulu wake, a Polikapo, amene ankanyamula mtanda patsogolo pa mdipiti zaka zonse za mphamvu zawo. Tsiku lina anagwa ali kumunda, mbali imodzi n'kufa ziwalo. Chigonereni pamphasa sanalandirenso. Wansembe akabwera ankachita Misa maso ali kumitambo, poopa mtsinje, ndipo nyumba ya a Polikapo inali kuseri kwa phiri.

A Polikapo sanali munthu wodandaula. Ankangoti, "Mphwanga, imfa sindikuiopa ayi. Chondiopsa n'kunyamuka ulendo wopanda kamba."

Ndiye inakwana nyengo ya Sinodi, msonkhano waukulu umene mabishopu, ansembe ndi akhristu wamba a dziko lonse amakhala pamodzi kumanga malamulo a mpingo. Kunamveka kuti kukakambidwa mfundo yoti katekisiti aziloledwa kutenga Sakramenti lodalitsidwa kale ndi wansembe, n'kukapatsa odwala m'makomo mwawo. Anthu akumapiri anasankha Kipriyano kuti akhale nthumwi yawo. Anamusankha chifukwa cha pakamwa pake. Munthuyo akaimirira pamaliro, ngakhale agalu ankaleka kuuwa.

Anakatsanzika kwa mkulu wake. A Polikapo anamugwira ndi dzanja lamoyolo, nati, "Pita ukatinenere."

Njira yonse Kipriyano ankaumba mawu ake. Anati adzayamba ndi mtsinje. Adzabwera pa mkulu wake, ndi mtanda, ndi mphasa. Adzamaliza ndi funso lakuthwa, aliponye pakati pa holo, kenaka akhale pansi pang'onopang'ono. Anawabwereza mumtima mpaka iye mwini misozi n'kulengeza m'basi, mayi amene anakhala naye n'kumufunsa ngati akupita kumaliro.

Ku Sinodi kunali ulemu wake. Mabishopu anakhala kutsogolo ndi malaya awo ofiirira, ansembe ndi makolala oyera, akhristu wamba kumbuyo kwawo. Anayamba ndi Misa. Kenaka anakambirana ngati ng'oma ingalire m'nyengo ya Lenti. Anakambirana zaka zimene wansembe ayenera kupumira. Ena analankhula mwanzeru, ena analankhula motalika.

Kipriyano anatchera khutu, naphunzira malamulo awiri a pamalopo. Loyamba linali lakuti mfundo siyenda yokha. Wina akaipereka, pamafunika wachiwiri woimirira n'kunena kuti akuiikira kumbuyo, kumene iwo amati kusekonda. Ikasowa wachiwiri imagwa pomwepo, osakambidwa n'komwe. Lachiwiri linali lakuti munthu salankhula kawiri pa mfundo imodzi, ndipo wosekonda amalankhula nthawi yomweyo, koyambirira.

Anaonanso china chimene sichinali lamulo. Oyamba kulankhula amalankhula anthu akadakoka mipando ndi kutsokomola. Koma womaliza, ameneyo ndiye anthu amapita ndi mawu ake kokaponya voti, ndipo ndiye amaomberedwa m'manja.

Anati mumtima, mawu anga si otayira koyambirira. Kusekonda ndi kantchito kochepa, aliyense angathe. Ine ndidikira nkhani itenthe, otsutsa atulutse zonse, ndiye ndidzaimirire.

Tsiku lake linafika. Amene anapereka mfundoyo anali mayi wina wa kuchigwa, wa Bungwe la Amayi, wamfupi, wa mawu otsika. Sanakometsere. Anati mwamuna wake anamwalira akuyang'ana kukhomo, kudikira wansembe amene madzi osefukira anamutsekera njira. Anati sakupempha kuti katekisiti asanduke wansembe, koma kuti akhale miyendo yake. Anathera pomwepo, n'kuima chiimire monga mwa mwambo, kudikira wachiwiri.

Bishopu wokhala pampando anafunsa, "Alipo wosekonda?"

Muholo munati zii.

Kipriyano anayang'ana wansembe wachikulire amene anali chapafupi, munthu wodziwika kuti mfundoyi amaifuna. Wansembeyo maso ake anali pa nkhope za mabishopu, kuti aone kaye kumene mphepo ikulowera. Mabishopu anali kuyang'ana akhristu wamba, poganiza kuti nkhani yotere ikomera ichokere pansi. Akhristu wamba anali kuyang'ana ansembe, poopa kuoneka ngati akulanda guwa. Ndipo apa ndi apo munali a Kipriyano ena, aliyense atafungatira mawu ake okoma, kuwasungira kumapeto.

Bishopu anavula magalasi, nafunsanso, mawu ake ali ngati akupempha. Iye mwini mfundoyo ankaifuna, koma wokhala pampando sasekonda.

Mayi uja anatembenuka, nayendetsa maso mzere ndi mzere. Maso aja anafika pa Kipriyano, naima pang'ono. Kipriyano anawerama. Miyendo yake inafuna kudzuka, iye anailetsa. Anati wina aimirira, sangalephere, holo yodzaza chonchi. Milomo yake inali kubwerezabe za mtsinje uja.

Bishopu anavalanso magalasi. "Mfundoyi yasowa wachiwiri. Yagwa. Tipite ku ina."

Apo m'pamene Kipriyano anadzambatuka, mpando n'kugwa kumbuyo kwake. "Ambuye Bishopu, ndikusekonda! Ndikusekonda ine!"

"Mwachedwa, mwana wanga," anatero Bishopu. "Lamuloli munamanga ndinu nomwe a Sinodi. Ndikalithyola lero chifukwa cha chinthu chabwino, mawa wina adzalithyola chifukwa cha choipa. Mfundo yakugwa imadikira Sinodi ina."

Ndipo Sinodi sikhala chaka ndi chaka. Pamapita zaka.

Pa nthawi ya tiyi anthu anamuunjirira mayi uja. Wina anati, "Mayi, ife tinali nanu." Wina anati, "Ikanangofika pa voti, inali kudutsa imeneyi." Wina anayamba kumuuza mawu onse amene anakonza, ndi mavesi ake omwe, kapu ili m'manja.

Mayiyo anamvetsera onse. Kenaka anati, "Mwalankhula bwino, abale anga. Koma ine si Sinodi, ndipo pano ndi pa tiyi."

Kipriyano sanayandikeko.

Pobwerera anapeza mvula itayamba. Anawoloka mtsinje madzi ali m'chifuwa, katundu pamutu. Anthu anamuchingamira kunjira, iye anangoti, "Ndikaone kaye achimwene."

A Polikapo anali atatheratu, maso okha. Atamuona anayesa kudzuka, osatha.

"Wabwera, mphwanga. Tandiuza."

"Achimwene, mfundo ija sinadutse."

Mvula inali kudontha pakhonde. Kenaka mkuluyo anati, "Chabwino. Mpingo ndi mayi wathu, ukakana wakana. Koma ine nthawi yanga yatha, ndipo sindikufuna kupita ndi munthu kukhosi. Ndiuze amene anatitsutsa, ndimukhululukire ndikadali ndi mpweya. Ndi mabishopu?"

"Iyayi. Mabishopu ankaifuna."

"Ansembe?"

"Nawonso ankaifuna."

"Ndiye ndi anzathu akhristu wamba, a m'tauni aja, okhala pafupi ndi guwa."

"Achimwene, palibe anatsutsa. Ngakhale mmodzi."

A Polikapo anamuyang'anitsitsa mphwawo. Lilime lawo linali lolemera, koma mawu anatuluka omveka. "Nanga ndikhululukire yani?"

Kipriyano, munthu amene pakamwa pake sipanasowepo chonena, anagwada pambali pa mphasa, naweramitsa mutu. Mkulu wakeyo anamvetsa. Anakoka dzanja lamoyo lija pang'onopang'ono, naliika pamutu pa mphwake.

Anamwalira mtsinje usanaphwe, osalandira.

Tsopano inu amene mwandimva, makamaka inu otumidwa kumisonkhano, kaya ndi Sinodi, kaya ndi kakomiti ka pansi pa mtengo. Mumaopa otsutsa. Wotsutsa ali ndi ubwino wake: amaimirira, amaoneka, mutha kumuyankha. Zabwino zambiri mumpingo sizinaphedwe ndi adani ake ayi. Zinafa zili pakati pa abwenzi, aliyense akugwedeza mutu, aliyense akudikira mnzake.

Mukaona wina waima yekha ndi chinthu choona, musayambe kusalaza mawu anu, musayang'ane nkhope za akuluakulu. Kwinakwake kuseri kwa phiri kuli munthu amene akudikira chimene muti muchite mphindi imeneyo, ndipo alibe zaka zodikira msonkhano wina. Imirirani. Mawu okoma adzakupezani muli chiimire.