Alonda Awiri m'Kompyuta ya Apongozi

Pa mzere wonse wa nyumba kumene ankakhala bambo ena opuma pa ntchito, palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Zilibwino, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka m'kamwa mwawo pa chilichonse. Telala akawafupikitsira thalauza, zili bwino. Woyandikana nawo akabwereka wilibala n'kuibweza yopanda tayala, zili bwino. Sankafuna kukhumudwitsa ngakhale ntchentche, ndipo pa khalidwe limeneli anali a nkhutukumve oopsa.

Chuma chawo chinali pa kathebulo ka pafupi ndi zenera: kompyuta yakale imene anapuma nayo pa ntchito. M'menemo munali mavidiyo a malemu akazi awo, amene ana anajambula pa foni mayiwo asanadwale. Foniyo inagwera m'madzi kalekale, choncho mawu a mayi aja sankapezekanso kwina kulikonse. M'mawa uliwonse a Zilibwino ankakhala ndi kapu ya tiyi n'kutsegula kavidiyo kamene mayiwo akukalipa ali chiimire pakhomo: "Bambo inu, nsapatozi muzichotsa panjira! Mukufuna ndithyoke mwendo?" Iwo ankaseka n'kuyankha kuti, "Ndamva, mayi," tsiku n'kuyamba.

Bambowa anali ndi ana aakazi awiri, onse okwatiwa, koma akamwini awiriwo sankamwerana madzi. Wamkulu ankagwira ntchito mu ofesi, wamng'ono ankakonza mafoni, ndipo aliyense ankadziona kuti pa nkhani ya makina ndiye katswiri wa banja. Ana atawalumikizira bambo awo intaneti kuti azicheza ndi adzukulu, mkamwini wamkulu ndiye anayamba kufika.

"Bambo, pa intaneti pali akuba," anatero akudina apa ndi apo. "Ndakuikirani antivayirasi. Ndi pulogalamu yolondera kompyuta kuti zoipa zisalowe. Imeneyi ndi imene timadalira ku ofesi."

"Zili bwino, akamwini."

Lamlungu kunabwera wamng'ono. Atangoona kachizindikiro ka pulogalamu ya mnzake pa sikirini anatsonya.

"Chimenechi n'cholemera ngati thumba la simenti, bambo. Ndichichotse, ndikuikireni yanga yopepuka."

"Ayi, musachotse. Anzanu aja akabwera n'kupeza palibe, ndidzati chiyani? Yanuyo ingoikani pambali pake. Nyumba ya alonda awiri wakuba amaiopa."

"Alonda amenewa sakhalira pamodzi, bambo. Aliyense amaona mnzake ngati wakuba. Musankhe imodzi, kaya yanga kaya yawo."

"Ikani basi, zili bwino."

Mkamwini angakane bwanji mawu a apongozi? Anaika, koma akupukusa mutu. Wamkulu atabweranso n'kuona zimenezi analankhula mawu omwewo, ndipo aka kanali koyamba kuti amuna awiriwa agwirizane chinthu. Nayenso mwana wamkazi woyamba anayesa kuwalangiza.

"Ababa, sankhani imodzi. Palibe amene angasiye mkazi chifukwa cha antivayirasi. Komanso bwanji ndikopere mavidiyo a amayi mu fulashi, akhalenso kwina?"

"Fulashi yachiyani, mwana wanga, alonda ali awiriawiri chonchi?"

Sabata isanathe, m'kompyuta muja munabuka nkhondo. Ikayatsidwa inkalira ngati minibasi yokwera chitunda, mpaka tiyi kuzizira isanatsegule kanthu. Pulogalamu iyi inkatulutsa uthenga wofiira wonena kuti yapeza mdani, inayo n'kutulutsanso wake, ndipo mdani amene ankanenedwayo anali mnzake yemweyo. Zonsezi a Zilibwino akanapirira. Chinawapweteka mtima n'chakuti mawu a akazi awo anayamba kudukaduka. "Bambo inu, nsa... nsa..." kenako zii, nkhope itauma pa sikirini, pakamwa pali yasa.

Apa munthu wina aliyense akanachotsa pulogalamu imodzi nkhani n'kutha. Koma a Zilibwino anakhala pansi n'kufunafuna njira yapakati, mpaka anaipeza. M'pulogalamu iliyonse munali kabatani kozimitsira chitetezo. Anazimitsa zonse ziwiri, zizindikiro zake n'kutsala pa sikirini zili mbee. Phokoso linatha, mayi anayambanso kukalipa bwinobwino, ndipo mkamwini aliyense akabwera ankasuzumira n'kuona kuti yake ikadalipo, mtima n'kukhala m'malo. Bambowo anadzitama chamumtima kuti nzeru za akulu sizigulidwa m'sitolo.

Tsiku lina masana kunabwera imelo yochokera kwa munthu wosamudziwa. Inali yaulemu kwabasi. Inkati pali katundu wawo amene wasowa wolandira, ndipo adine pa kafayilo kali m'munsimo kuti aone zambiri. A Zilibwino sankayembekezera katundu aliyense, koma munthu amene sanakanepo telala akanakana bwanji kalata yoyamba ndi moni wabwino chotero? Anadina. Sikirini inaphethira kamodzi, osaonetsa kanthu. Iwo anangoti mwina alakwitsa adiresi, n'kupita kukathirira maluwa.

M'mawa mwake anakhala pa kathebulo kaja ndi tiyi wawo. Kavidiyo kaja kanakana kutseguka. Anayesa kena, chimodzimodzi. Mayina a mafayilo onse anali atasanduka zilembo zosawerengeka, ndipo pakati pa sikirini panali uthenga wonena kuti zonse za m'kompyutamo zatsekedwa. Nthawi yomweyo anaimbira ana awo.

Akamwini anafika onse awiri. Anakhala pa mipando yoyandikana tsiku lonse, osakangana ngakhale pang'ono, wina akuyesa ichi wina akufufuza icho pa foni. Dzuwa litapendeka, wamkulu anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Chikundidabwitsa n'chakuti vayirasi imeneyi ndi yodziwika kale. Pulogalamu yanga ikanaigwira isanalowe n'komwe."

"Yanganso ikanaigwira," anatero wamng'ono. Anatsegula pulogalamu yake, kenako ya mnzake, n'kutembenuka pang'onopang'ono. "Bambo, zonse ziwiri n'zozimitsa. Anazimitsa ndani?"



"Ndine," anayankha a Zilibwino. "Zinkamenyana, mayi anu osamveka. Kuchotsa imodzi ndinkaopa kukhumudwitsa mmodzi wa inu."

"Abale! Mukanangochotsa yangayo, bambo," anatero wamkulu ndi mawu otsika. "Ndikanadandaula tsiku limodzi, mawa lake n'kuiwala."

"Nanga mayi anu mungawabweze?"

Akamwiniwo anayang'anana, ndipo wamng'ono ndiye analimba mtima. "Kompyutayi tiitsuka, igwiranso ntchito. Koma mavidiyo aja apita, bambo. Pepani."

Mwana wamkazi woyamba uja, amene anabwera ndi mwamuna wake, anatulutsa m'chikwama fulashi imene anagula tsiku lomwe anakanizidwa lija, ikadali m'pepala lake. Anaiyang'ana n'kuyamba kulira. Onse anadikira mawu a masiku onse aja, koma a Zilibwino sanawanene. Zinthu sizinali bwino, ndipo iwo anadziwa kuti wolakwa si mkamwini aliyense.

Kompyuta inabwerako ili mbee, yothamanga, muli antivayirasi imodzi yokha imene akamwini anasankhira limodzi. M'mawa wotsatira bambowo anatuluka kuchipinda ndi kapu ya tiyi, n'kupeza nsapato zawo zili pakati pa khomo pomwe anazivulira dzulo lake. Anaima kanthawi akuziyang'ana. Palibe amene anawakalipira. Anawerama, n'kuzikankhira okha kumbali.

Munthu anali ndi alonda awiri, koma wakuba analowa masana dzuwa likuswa mtengo, alonda onse atagonekedwa ndi mwini nyumba. Akuluakulu sananame ponena kuti mapanga awiri avumbwitsa.