Lefiti ya Sakhwi

Padangotero, chaka chimene dzuwa linapsereza udzu mpaka kumizu. Nyama zamiyendo zinasamuka, m'dambo munangotsala mafupa ndi Fisi. Fisiyo anali wakhungu, njoka itamulavulira m'maso, koma mphuno yake, mayo ine! Inkamva ngakhale chimene chabisala pansi pa nthaka.

Tsiku lina anaima pachulu china n'kuyamba kununkhiza. Pansi pa chulucho panali una wa Sakhwi, kambewa kamphuno yaitali kaja, ndipo m'unamo munali tiana take.

"Pano pakununkha tiana," anatero Fisi, malovu ali chuchuchu.

Sakhwi anatuluka m'unamo msangamsanga, ndipo pakamwa pake sipankachedwa.

"Amalume, zoona munthu wamkulu ngati inu mukumbe tinthu tosadzaza ndi dzino lomwe? Ine ndikudziwa kumene Mkango wasiya njati. Ndikwere pamutu panupo ndikhale maso anu."

"Ukandinamiza, ndiyambira iweyo."

"Koma njira tisamaitchule m'Chichewa. Miimba imamva, ikafikako ife tisanafike. Ndizikuuzani m'Chizungu. Ndikati lefiti, muzikhotera kumanzere."

"Lefiti? Walitola kuti limeneli?"

"Kusukulu, amalume. Ndinkakhala kuseri kwa khoma ana akamaguba. Liwuli linabwera ndi asilikali, ndipo ndi lonona. Limatanthauza kumanzere, limatanthauzanso zotsala. Ndiye mwaona, zotsala zimakhala kumanzere."

Fisi atangomva zoti zotsala, anaweramitsa mutu, Sakhwi n'kukwera. Chimene Sakhwi sananene n'chakuti liwu linzake, lonena kumanja lija, anali ataliiwala kalekale. Sukulu yomvera pakhoma ndi yotero.

Anayenda, anayenda, chulu chija n'kutsala kutali. Apa wanzeru akanadumpha n'kuthawira kwa ana ake. Koma Sakhwi pamutu pa Fisi panamukomera. Anaona chitsamba chaminga.

"Lefiti!"

Fisi anakhota, minga n'kumung'amba makutu.

"Njati ili kuti, iwe?"

"Pepani amalume, yachita lefiti. Ndinaiwala kukuuzani, liwuli limatanthauzanso kuchoka. Mkango waikokera kutsogoloku."

Fisi anangonyambita magazi n'kupitiriza.

Patsogolo pang'ono panali chitedze chouma chitayanga pamtengo.

"Lefiti!"

Ndiye kukanda kwake! Fisi anagubuduzika pafumbi, Sakhwi atagwira khutu zolimba, akudziluma mlomo kuti kuseka kusamveke.

"Chizungu chako chikuyabwa," anatero Fisi chapansipansi. "Koma ine njala yandiphunzitsa kudikira."

Mawu amenewo akanamuopsa Sakhwi, koma maso ake anali kale pa chisa cha mavu.

"Lefiti!"

Mavu anamutupitsa Fisi nkhope yonse. Ulendo uno sanalire n'komwe, sanafunsenso za njati. Ankangoyenda, mphuno ili m'mwamba, ndipo mayendedwe ake anayamba kufulumira.

Inu, dambo lopserera limafanana paliponse. Sakhwi ankawerenga zoseketsa, osawerenga makhotakhota, ndipo wokhotera mbali imodzi yokhayokha sapita kutali. Atadzutsa mutu anaona chigwembe kutsogolo. Kumanja kunali poyera. Kumanzere kunali chulu chokhala ndi chitsa chopsa pamwamba, ndipo Sakhwi anachizindikira. Chinali chulu chija, cha una wa tiana take.

Fisi anamva mphepo ya m'chigwembe n'kuima.

"Usavutike, mphunzitsi, ndaphunzira. Lefiti."

"Ayi amalume! Kumanja! Kumanja!"

"Chichewa? Ukufuna miimba imve? Nena m'Chizungu."

Sakhwi anafufuza m'mutu monse. "La... le... ra..." Liwu lija silinabwere. Anamukoka khutu, anamuluma pachipumi, koma nkhope yotupa ndi mavu inali itachita dzanzi. Fisi anakhotera kumanzere mosapupuluma.

"Amalume, ndakunamizani! Njati kulibe! Idyani ine monga munanenera!"

"Ndinatero, inde. Koma kunama sunaname. Unati kumanzere kuli chakudya."

Sakhwi anakuwa ndi mphamvu zake zonse kuti ana alowe mkati. Koma tiana tikamva mawu a bambo sitimvera zimene akunena. Tinatuluka m'una tikuthamanga, timphuno tili m'mwamba.

"Ababa abwera! Ababa abwera!"

Fisi anagona pansi, miyendo yakutsogolo ataitambasula mbali zonse ziwiri za una.

"Tsika, mphunzitsi," anatero. "Wandifikitsa."