Chitini cha mabatani

Telala wa pakhonde la sitolo ya mabuku ankadziwa nsalu ndi zala. Ankangoitsina kamodzi n'kukuuza ngati idzasuluka pochapa koyamba. Choncho tsiku limene bambo wina wa tayi anamulipira suti ndi ndalama zitatu zapepala zachinyengo, chimene chinamuwawa kwambiri si kuluza ayi, koma manyazi. Zala zake zinagona masanasana.

Anazipinda ndalamazo n'kuziponya m'chitini cha mabatani.

"Achemwali, kazisiyeni kupolisi zimenezo," anatero mng'ono wake, mphunzitsi, amene ankadzera pakhondepo akaweruka. "Kapena kafunseni kaye ngati n'zololedwa kusunga."

"Ndikafunse chiyani? Ndaba? Iwe umaphunzitsa ndi choko, ine aphunzitsi anga ndi amenewa," anatero telala akuloza ndalama za m'chitinimo.

Ndipo anaphunziradi. Ndalama iliyonse yobwera ankaiyerekeza ndi za m'chitini: kuiyang'ana padzuwa, kuikanda ndi chikhadabo, kuikhwinyata pafupi ndi khutu. Mbiri inawanda msewu wonse. Wometa akakayikira ndalama, ulendo kwa telala. Wokonza nsapato chimodzimodzi. Ikapezeka yabodza, mwini wake ankaitaya patebulo ngati khala lamoto.

"Sungani inuyo mayi, ine ingondikweza magazi."

Iye ankaiwongola bwinobwino n'kuiika pa zinzake. Pofika nyengo yamvula, mabatani anali atasamukira m'mbale.

Tsiku lina m'mawa kunabwera apolisi awiri ofufuza gwero la ndalama zachinyengo. Anafunsa kuti mumsewu muno amadziwa za ndalama zotere ndani. Anthu onse, ndi mtima woyera, analoza pakhonde.

Telala anawapatsa mipando. Chitini anatsegula yekha, monyadira ngati mayi woonetsa ana ake kwa alendo. Apolisiwo anayang'anana. Madzulo a tsikulo makina osokera anagona ovundikira, mwini wake ali m'chitokosi.

Kukhoti, woweruza anafunsa funso limodzi lofatsa.

"Mayi, kodi munkadziwa kuti ndalamazi n'zachinyengo?"

Mng'ono wake, ali pabenchi kumbuyo, anagwira pakamwa.

"Ine osadziwa, bwana? Taonani iyi, kaulusi kake n'kongojambula. Iyi pepala lake n'loterera ngati nsalu yotchipa. Iyi ngakhale mwana sangapusitsidwe nayo!"

Kalaliki analemba zonse, osasiyapo liwu.

Wometa anaikira umboni kuti mayiyu anapulumutsa anthu ambiri. Wokonza nsapato analankhula mpaka misozi. Woweruza anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Ndakhulupirira kuti simunagulirepo ngakhale singano. Koma kusunga ndalama zotere ukudziwa, popanda chilolezo, ndi mlandu pawokha. Ndipo zoti munkadziwa, mwandiuza nokha bwino kuposa wapolisi."

Poona mtima wake, anamupatsa chilango chopepukirapo: alipire chindapusa, akalephera akakhale kundende chaka.

Chindapusacho chinali msinkhu umodzi ndi mtengo wa makina osokera. Mng'ono wake anawapezera wogula, ndipo telala anaima pakhonde kuonerera akuwakweza pa wilibala. Panatsala timabowo tinayi pasimenti, pamene miyendo yake inakhala zaka khumi ndi ziwiri. Ndalama za wogulayo anaziyang'ana padzuwa imodziimodzi. Zonse zinali zenizeni, ndipo zonse zinapita kukhoti.

Lolemba lotsatira anabwerera pakhondepo ndi singano yamanja, kumapinda mipendero ya masiketi. Mng'ono wake anamubweretsera ulusi, osatchula n'komwe zakale.

Wometa anatulukira ali ndi ndalama m'manja.

"Mayi, tandionerani iyi."

Telala sanadzutse mutu.

"Achimwene, polisi ili kuseri kwa msikawu. Kafunseni kumeneko, kufunsa salipiritsa."

Anadula ulusi ndi mano n'kutenga batani m'mbale, poti chitini chinatsala kukhoti ngati umboni. Mayiyu sanabe, sananamize munthu. Anangodalira zala zake pa nkhani yofunika pakamwa. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.