Batire la a Norbert Kuklinski

Kwathu kuno ku Stevens Point, munthu akakuuzani kuti m'chipinda chake chokumba pansi pa nyumba simunalowepo madzi, dziwani kuti mwina ndi wabodza, apo ayi wangosamukira kumene. Nthaka yathu imamwa mvula ndi chipale chosungunuka mpaka kukhuta, ikatero imalavulira m'nyumba za anthu. N'chifukwa chake nyumba iliyonse ili ndi kadzenje pakona ya chipinda chapansi, momwe mumakhala pampu yamagetsi yotaya madziwo kunja. Tsoka lake n'lakuti mkuntho umene umabweretsa madzi ndi womwewonso umazimitsa magetsi.

A Norbert Kuklinski ankazidziwa bwino zimenezi, pajatu anakhala m'nyumba imodzi zaka makumi anayi ndi zisanu. Anali makaniko wopuma pantchito, munthu wa manja aakulu ndi mawu ochepa. Koma liuma lawo, abale inu, ngakhale mwala unkachepa. Akazi awo, mayi Arlene, anali atatisiya chaka chimodzi m'mbuyomo. Malemuwo ankasokera m'chipinda chapansi chija, ndipo m'dengu limene linali pansi, pambali pa mpando wawo, anasiyamo chofunda cha zigamba chimene ankasokera mdzukulu wawo Corinne kuti adzampatse pa ukwati. Chinali chitatsala mbali imodzi yokha. Janine, mwana wa a Norbert yemwenso ndi mayi wa Corinne, ankafuna kuchitenga akachimalize, koma bambo ake ankakana.

"Chisiye pomwe anachisiya mayi ako," iwo ankatero. "Udzachitenga ukwati ukayandikira."

Janine anawamvetsa, poti nayenso mtima unkamupweteka akaona mpando uja. Komabe anaika lamulo limodzi. Ngati chofunda chikhale pansipo, ndiye pagulidwe pampu yachiwiri yoyendera batire, yoti izidzuka magetsi akathima. Motero Loweruka lina mu Okotobala, masamba akuyoyoka, anawakokera bambo akewo ku sitolo ya zipangizo.

Mayi wogulitsa anawaonetsa mapampu awiri. Ina inali ndi batire lotsekeratu, losafuna kuthiridwa madzi, ndipo ikapeza vuto inkatumiza uthenga pafoni ya wachibale. Inayo inali ndi batire la zivindikiro, lofuna kutsegulidwa miyezi itatu iliyonse n'kuthiridwa madzi.

"Adadi, titenge yotsekayi," anatero Janine. "Ikadwala izidzandiuza ine pafoni."

"Izidzakuuza iwe? Nyumba ndi yanga, ndiye kachitsulo kazikandineneza kwa mwana wanga ngati ndine kamwana kasukulu?" A Norbert anamenya batire linalo ndi chikhatho. "Ndinayamba kuthira madzi m'mabatire iwe usanabadwe. Chemwali, tipatseni la zivindikiroli."

"N'labwino ndithu, bambo," anatero wogulitsayo, "kungoti limafuna mwini wake azitsika kukaliona. Mukalitaya, limauma."

"Ndikuoneka wotaya zinthu ine?"

Janine anangopukusa mutu uku akuseka. "Apatseni, mayi. Awa ngakhale bambo mfumu anawalephera."

Chimene a Norbert sananene m'sitolomo ndi chakuti bondo lawo lakumanzere linali litayamba kale kuwagalukira. Tsiku loika pampuyo anatsika masitepe khumi ndi awiri opita kuchipinda chapansi akulumira mano, ndipo anakwera thukuta lili kamukamu. Pofika Khirisimasi, anaima pamwamba pa masitepe, kuponda imodzi, bondo n'kugwedezeka ngati bango. Anabwerera, natseka chitseko. Kuyambira tsiku limenelo sanatsikenso. Zovala anayamba kukachapitsa m'tauni, ati makina ochapira a m'chipinda chapansi akumeza masokosi.

Mukanawafunsa chifukwa chimene sanauze munthu, sakanayankha. Koma ife tikudziwa. Anali munthu amene tauni yonse inkathamangira galimoto ikakana kulira, ndipo kunena kuti "sindingathe" kunkawalemera kuposa injini. Komanso ankaopa kuti Janine akamva, adzayamba nkhani ya nyumba yosungira okalamba.

Mu Febuluwale kabokosi ka pampu kanayamba kulira, pii, pii, kuchenjeza kuti batire lili ndi ludzu. A Norbert anatseka mpata wa kunsi kwa chitseko ndi thaulo n'kukweza wailesi. Mnzawo woyandikana nawo nyumba, a Duane Halvorsen, atabwera kudzamwa khofi, anatchera khutu.

"Kodi chikulira pansipo n'chiyani, mdala?"

"Nkhululu."

"Nkhululu kunja kuli chipale chofika m'chiuno? Mwayamba kuweta nkhululu zovala jekete? Taimani nditsike ndikaone."

"Khalani pansi inu, khofi wanu akuzizira. Nditsika ndekha mawa."

Mawa lake silinafike. Lamlungu lililonse Janine akaimba foni ankafunsa kuti, "Batire mwathira madzi?" Iwo ankayankha kuti, "Ndathira," kenako n'kufunsa msanga za diresi la mkwatibwi. Patapita milungu ingapo kabokosi kaja kanaleka kulira. A Norbert anadzinamiza kuti batire lachira lokha, pamene linali litafa.

Kenako linafika tsiku lija la mu Epulo, limene ambirife sitidzaliiwala. Mvula inayamba m'mawa, kugwera pa chipale chosungunuka, ndipo itangokwana nthawi ya nkhomaliro mtengo unagwera mawaya kumapeto kwa msewu. Magetsi anathima. A Norbert anaima m'khitchini kudikira kuti amve pampu yachiwiri ikudzuka. Kunali zii.

Anatsegula chitseko n'kuwalitsa tochi. Madzi anali atasefukira kale m'kadzenje, akuyenda pang'onopang'ono pasimenti kulunjika pamene panali dengu. Foni inali m'thumba mwawo. Pawindo ankaona bwinobwino nyumba ya a Duane, jenereta ikulira pakhonde. Kunangofunika mawu awiri okha, koma manyazi, abale, ndi matenda oipa. Mkulu uja anakhala pansi n'kuyamba kutsika chokhala, sitepe imodzi imodzi, ngati khanda lophunzira kukwawa. Atafika pa sitepe yachisanu bondo linauma gwa. Kutsika kunakanika, kukwera kunakanikanso.

Anakhala pamenepo ola lathunthu, tochi m'manja. Anaona madzi amatope akulowa m'dengu. Anaona nsalu yoyera ikuda, yofiira ikusuluka. Apo m'pamene mtima unasweka, natulutsa foni.

"Janine, mwana wanga, bwera. Sindingathe."

Janine anaimbira a Duane, amene anafika mothamanga atavala majombo, akukoka jenereta. Anamunyamula mnzawoyo m'khwapa mpaka m'khitchini osanena nthabwala ngakhale imodzi, chinthu chimene sichinachitikepo. Janine atafika analowa m'madzi ofika m'mawondo, natuluka atakumbatira chofunda chili chonyowa, cholemera, chonunkha matope. Anachiyala patebulo. Utoto wofiira unali utayenderera paliponse, ndipo thonje la m'kati linali litamwa zonyansa zonse za pansi pa nyumba.

 Kenako Janine anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake n'kuika dzanja pa bondo lotupa lija.

"Kuyambira liti, adadi?"

"Khirisimasi."

"Miyezi inayi! Nanga muja munkandiuza kuti mwathira?"

"Ndinkaopa kuti ungandichotse m'nyumba muno."

Janine analira, ndipo sikunali kulira kwa ukali. "Ine ndikuchotseni? Ndikanangobwera Loweruka n'kutsika ndekha. Masitepe khumi ndi awiri okha, adadi. Inu munandinyamula paphewa mpaka ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndani anakuuzani kuti mwana amatopa ndi bambo ake?"

A Norbert anayang'ana chofunda chija patebulo. Anatambasula dzanja lawo lalikulu lija, nasisita nsalu yonyowayo mofatsa, akutchula dzina la mkazi wawo chapansipansi.

Janine anachichapa chofunda chija katatu, amayi a kutchalitchi anayesa nzeru zawo zonse, koma zinakanika. Zigamba zimene zinapulumuka zinali zisanu ndi chimodzi zokha, za pakona imene inali pamwamba m'dengu. Janine anazidula mosamala n'kusoka kapilo kakang'ono. Sabata yomweyo a Norbert anapempha okha kuti awaperekeze ku sitolo kuja, ndipo anatenga pampu ija ya batire lotsekeratu. Pamene wogulitsa anafunsa nambala yoti pampu izitumizako uthenga, anapereka ya Janine, kenako anati, "Lembaninso ya a Duane. Amakonda nkhani za eni."

Ukwati unachitika mu Juni. Janine anafuna kupereka yekha kapilo kaja kuti bambo ake asavutike mtima, koma iwo anakana. Anaimirira ndi ndodo yawo yatsopano, nayenda pang'onopang'ono pamaso pa anthu onse mpaka pamene panakhala mkwatibwi.

"Corinne," anatero, "agogo ako aakazi anakusokera chofunda chachikulu, choti chikufunde iwe ndi mwamuna wako mpaka kukalamba. Amene wachichepetsa chonchi ndine. Ndinachita manyazi kupempha thandizo. Undikhululukire."

Corinne anayang'ana tizigamba tija, nazindikira kamodzi kochokera pa diresi limene agogo ake ankavala pophika. Anakanikiza kapiloko pachifuwa ndi dzanja limodzi, linalo n'kukumbatira nkhalambayo m'khosi, ndipo onse awiri analira mosabisa. Ifenso amene tinalipo tinapukuta m'maso. Mdzukulu anakhululuka, mwana anakhululuka, koma chimene manja a mayi Arlene anasoka kwa zaka ziwiri sichinabwererenso.

Thandizo linali kuseri kwa mpanda, linali pafoni Lamlungu lililonse, linafika mpaka m'khitchini kudzamwa khofi. Chinasowa ndi pakamwa ponena. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.