Ng'oma Yakumbuyo kwa Bwalo

Pamudzi wina m'mbali mwa dambo panali bambo wina woimba ng'oma mumpingo. Anayamba ali mnyamata mpaka imvi zinamupeza ng'oma ili pakati pa miyendo. Khutu lake linali lakuthwa, ndipo mwini wakeyo ankadziwa zimenezo mopitirira muyeso. Poimba ankatsinzina, mutu uli cham'mbali, kumvetsera basi.

Tsono mpingowo unamanga tchalitchi chatsopano. Pa tsiku lotsegulira, anthu anali oti adzaza bwalo lonse, kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka kumsewu, kutali ndithu. Woimbitsa kwaya, mayi Nachanza, anaganiza zoika ng'oma ziwiri: ina kutsogolo, ina kumbuyo kwenikweni kuti akumsewu nawonso aimbe. Yakumbuyoyo anapatsa bambo uja. Amayiwo anati iwo adzakwera pangolo kutsogolo, nsalu yoyera ili m'manja, kuti aliyense aziona dzanja lawo.

Dzulo lake anayeserera. Bambo uja anatsinzina monga mwa masiku onse. Akamva ng'oma yakutsogolo, naye n'kumenya yake. Koma abale, nyimbo inayamba kulemera! Akutsogolo akamva ng'oma yake ikubwera mochedwa, ankachepetsa liwiro kuti amudikire. Iye akamva kuti achepetsa, nayenso ankachepetsa. Nyimbo ya chikondwerero inasanduka ya pamaliro, kenaka inangofera m'kamwa. Anayambiranso, zake zomwezo.

Mayi Nachanza anatsika pangolo n'kuyenda bwalo lonselo mpaka kumbuyo.

"Abambo, mukutsalira," anatero mwaulemu. "Mawa zikayambanso chonchi, ng'omayi ndipereka kwa achinyamata."

"Ine kutsalira? Mayi, ndikumenya pomwe ndikumvapo!"

Ndipo sankanama. Amayiwo nawonso sankanama.

Bambo uja ananyamuka mtima ukuwawa kwambiri. Ng'omayo inali moyo wake, ndipo mawa akanatha kumulanda pamaso pa khamu lonse. Panjira anakhala pachulu, dzanja lili patsaya. Kutsidya kwa dambo mayi wina ankasinja chimanga. Bamboyo anangomuyang'ana mosaganizira, kenaka anadzidzimuka. Musi unkagwera mumtondo mwakachetechete. Mayiyo akaukweza m'mwamba, m'pamene kunkamveka kuti du! Ukagwa, zii. Ukakwera, du!

Analumpha pachulu paja ngati walumidwa ndi linthumbu. "Aaa! Taonani zimenezi! Mawu amachedwa panjira!"

Anathamanga kulowera kutsidyako, munthu wa imvi zake, matope akuthovukira m'thalauza. Akamayandikira, kugwa kwa musi ndi kulira kwa mtondo zinkayandikirananso. Atafika pafupi, zinakhala pamodzi. Mayi wosinjayo anadabwa kuona bambo wamkulu akuseka yekha, wefuwefu, osapereka ndi moni womwe.

Zimenezi n'zoona, abale anga, kayeseni nokha. Mawu amayenda mumpweya ngati mafunde a padziwe mukaponyapo mwala. Amachita kukankhana, mpweya uwu kukankha mpweya uwo, mpaka afike m'khutu mwanu, ndipo ulendowo umadya nthawi. Kuwala nakonso kumayenda mwa mafunde, koma liwiro lake n'losayerekezeka. Chinthu chikachitika kutsidya, diso lachiona kale. N'chifukwa chake mphezi imang'anima kaye, bingu n'kumabwera pambuyo.

Kutacha, bwalo linadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo. Bambo uja anakhala pamalo pake kumbuyo. Kutali uko mayi Nachanza ankaoneka kang'onong'ono pangolo, koma nsalu yoyera inkaoneka bwinobwino. Zikope za bamboyo zinafuna kutsinzina mwa chizolowezi. Anazikaniza.

Nsalu inagwa. Iye anamenya.

Pomwepo khutu lake linayamba kumukalipira. Ng'oma yakutsogolo inkamufika iye atamenya kale, ndiye zinkamveka ngati wathamanga, ngati akuwononga nyimbo. Khutu lomwe analikhulupirira moyo wake wonse linkati: dikira, walakwa! Amayi ena amene anali pafupi naye anamucheukira ndi diso loipa. Thukuta linatsika. Anachita mantha zedi, pakuti akanalakwa apa, panalibenso pobisala.

Anasankha nsalu. Ikagwa, iye du! Ikagwa, iye du! Maso ali tong'o.

Ndiye imvani zimene zinachitika! Akumsewu anatsata ng'oma yake, akutsogolo anatsata yawo, ndipo mawu a mbali ziwirizo anakakumana pakati pa bwalo nthawi imodzi. Panalibenso wodikira mnzake. Nyimbo inanyamuka, fumbi linakwera, nthungululu zinalira mbali zonse, agogo anataya ndodo n'kulowa m'bwalo. Bambo uja ankamenya ng'oma misozi ikutsika, koma sanayerekeze kuipukuta, kuopa kuti nsalu ingamusowe.

Nyimbo itatha, mayi Nachanza anakweza manja onse awiri kuloza kumbuyo kwa bwalo, ndipo khamu lonse linatembenuka kumuwombera m'manja.

Abale ndi alongo, ambiri a ife takhala kumbuyo kwa bwalo. Timayendera zimene tikumva: zonena za anthu, mphekesera za pamsika, mawu akuti zako zinada, Mulungu wakuiwala. Mawu amenewo ndi ochedwa. Pamene akukufikani, dzanja la Ambuye linasuntha kale. Mukawatsata mudzatsalira, ndipo mudzachedwetsanso anzanu amene akukudikirani.

Tsekulani maso, muyang'ane kwa Yesu amene akutsogolera nyimbo. Adzakuuzani kuti khululuka pamene khutu lanu likumvabe chipongwe cha dzulo. Adzakuuzani kuti yamika pamene kunyumba kukumvekabe kulira. Mudzaoneka ngati mwafulumira, ndipo oyandikana nanu adzakucheukirani. Musadikire kuti khutu livomereze. Dzanja lake likagwa, menyani ng'oma yanu.