Nsomba Yotupa Masaya

Ku Chilinde, mumzinda wa Lilongwe, kunali bambo wina amene anagwira ntchito ya ulonda mpaka kumera imvi. Ntchito yake inali yoima pachipata cha fakitale ina ndi kusecha zikwama za antchito poweruka. Ankaidziwa ntchitoyo, ndipo akuba ankawagwiradi. Atapuma pantchito anabweza yunifolomu, anabweza ndodo, koma maso a ulonda anapita nawo kunyumba. Munthu akamupatsa moni mwansangala, iye ankayamba kudzifunsa kuti ameneyu akufuna chiyani. Akamupatsa moni wozizira, ankati chilipo chimene akubisa. Ngakhale mayi wa pamsika akamuwonjezera tomato mmodzi, iye ankamutembenuzatembenuza tomatoyo kufuna pamene pawola.

Mkazi wake, Nangondo, anali munthu wokonda kucheza ndi kuseka, mpaka tsiku limene sitiroko inamugwetsa akuchapa. Moyo unatsala, koma dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, lilime nalo linalemera. Nzeru zonse zinalipo, maso ankaona bwino lomwe. Mawu okha ndiwo ankatuluka limodzilimodzi, mochedwa, ngati madzi a pampopi tsiku limene avuta. Kuseka kuja kunatha, ndipo ankangokhala pampando pabalaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Mwana wawo wamkazi, Ndaziona, zinamuwawa kuona mayi ake ali choncho. Tsiku lina anabwera ndi thanki yagalasi yosungiramo nsomba zamoyo, yokhala ndi mchenga, miyala ndi kamakina kopopera mpweya m'madzi. Anaiika patebulo moyang'anana ndi mpando wa mayi ake. Asanabwerere kumene ankagwira ntchito, anawalozera bambo ake kwa munthu wina wogulitsa nsomba zokongoletsa m'nyumba, kuti akasankhe zoikamo.

Mlonda uja anapita. Wogulitsayo anamusankhira tinsomba ting'onoting'ono timene timakhalira pamodzi bwinobwino, tina tabuluu, tina tachikasu, ndi kamodzi kotuwa kosaoneka bwino. Koma maso a bamboyo anali pa thanki ina ya pakona. M'menemo munali nsomba yokulirapo, yamawangamawanga, itagona cham'mbali pamchenga, osagwedezeka.

"Imeneyo ayi, achikulire," anatero wogulitsayo. "Siikhala pamodzi ndi zing'onozing'ono."

Abale anga, mawuwa anali omveka, ngakhale mwana akanawamva. Koma khutu la munthu wokayikira silimva zimene wanena, limamva zimene likuganiza kuti wabisa. Mlonda uja anamuyang'ana wogulitsayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mumtima n'kunena kuti uyu akusungira mabwana nsomba yabwino, ine akufuna andikankhire zinyalala.

"Mwandiona kusauka eti? Ikani momwemo," anatero.

Wogulitsayo anayesa kufotokoza, koma pamene ankalimbikira kukana m'pamene bamboyo ankatsimikiza kuti wamugwira. Pomaliza wogulitsayo anamupatsa nsombayo.

Thanki ija inamudzutsa Nangondo. Kukacha ankafulumiza mwamuna wake kuti amukhazike pampando. Mwa nsomba zonse, mtima wake unagwera pa kotuwa kaja. Akaika chala cha dzanja lamoyo pagalasi, iko kankabwera n'kumatsatira chalacho uku ndi uku. Tsiku lina Nangondo anaseka mokweza, koyamba chidwalireni. Mwamuna wake anamva kusekako ali panja, ndipo anakondwa kwambiri. Musamuyese munthu woipa bambo ameneyu. Mkazi wake ankamukonda, ankamusambitsa yekha, ankamudyetsa yekha, ndipo sanadandaulepo.

Iye nsomba yake ya pamtima inali yamawanga ija. Ankaiyamikira kwa aliyense wolowa m'nyumbamo. Ankati taonani ulemu wake, siithamangitsa inzake, siilimbirana chakudya, imangodzigonera phee. Ankati zikanakhala kuti nsomba zimasankhidwa pa udindo mumpingo, imeneyi ikanakhala mkulu wa mpingo.

Chimene sankadziwa n'chakuti kugona kumeneko ndiko kusaka kwake. Nsomba ya mtundu umenewu imagona pamchenga ngati yafa. Kansomba kakang'ono kakayandikira kuti kaone, iyo imangodzambatuka kamodzi, n'kukameza, n'kugonanso ngati sipanachitike kanthu. Nangondo anaziona zimenezi ndi maso ake, masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa ankakhala pamenepo tsiku lonse. Mwamuna wake sanazionepo, chifukwa sankakhala pansi. Ankangofika, kusuzumira, kuona kuti zachepa, n'kutuluka kukayendera mpanda.

Nsomba zitayamba kusowa, woyamba kuganiziridwa anali mphaka wa nyumba yoyandikana nayo. Bamboyo anavundikira thanki ndi thabwa, mphakayo n'kumamugenda akangoonekera. Nsomba zinapitiriza kusowa. Kenako anakumbukira kuti Lachinayi lililonse kumabwera amayi a mumpingo kudzapemphera ndi wodwala, ndipo aliyense amabwera ndi kachikwama. Anayamba kuima pakhomo amayiwo akamatuluka, maso ali pa zikwama. Tsiku lina anafika pomuuza mayi wina wachikulire kuti atsegule botolo lake la madzi akumwa. Mayiyo anatsegula, munalibe nsomba. Amayi aja anachita manyazi, ndipo anayamba kubwera mwa apo ndi apo mpaka analekeratu. Bamboyo anati mwaona, athawa chifukwa adziwa kuti ndawatulukira. Anagula loko n'kukhoma chivundikiro cha thanki, kiyi n'kumayenda naye m'thumba.

Nthawi yonseyi Nangondo ankayesa kumuuza. Ankayamba kuti, "Bambo... nsomba... ija..." Koma mwamuna wake anali atazolowera kumumalizira mawu. Ankaona ngati akumuthandiza kuti asavutike. Ankangoti wamva, akudziwa kuti nsomba zikusowa, asade nkhawa, wakubayo agwidwa posachedwa. Akatero ankamusisita paphewa n'kutuluka, mawu a mkazi wake akadali pakhosi.

Patapita nthawi, kansomba kotuwa kaja kanasintha. Kanaleka kudya. Masaya ake anatupa, ndipo kankabisala kuseri kwa miyala. Nsomba zambiri za m'nyanja yathu zimatero zikaikira mazira. Mayi amatola mazira ake n'kuwasunga m'kamwa, osadya kanthu, mpaka ataswa. Tiana tikayamba kusambira amatitulutsa, koma kukabwera choopsa amatsegula kamwa, tonse n'kuthawiramo. Nangondo anakulira kufupi ndi nyanja, choncho anadziwa msanga kuti m'nyumba mwake mukubwera ana. Mwamuna wake anangoona nsomba yosadya, yotupa masaya, yokonda kubisala, ndipo anayamba kuiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira zikwama pachipata.

M'mawa wina tiana tija tinatuluka. Tinali tating'ono ngati timbewu ta mpunga, tikuyandama mozungulira mutu wa mayi wawo. Nangondo anasangalala mpaka misozi. Anamenya mpando ndi dzanja kuitana mwamuna wake kuti adzaone. Bamboyo anabwera mothamanga n'kuweramira pagalasi. Chithunzithunzi chake chitagwera m'madzi, kansomba kaja kanatsegula kamwa, ndipo tiana tonse tinalowamo iye akuona.

"Ndakugwira," anatero motsitsa mawu.

Kwa iye zonse zinagwirizana. Sikadya chakudya chifukwa kamakhuta anzake. Kamabisala chifukwa kakudziwa mlandu wake. Masaya otupawo ndiwo katundu wakuba. Ndipo lero waona yekha, palibe womuuza.

Nangondo anamugwira malaya ndi dzanja lamoyo lija. "Ayi... bambo... iyo..."

"Ndikudziwa kuti mumaikonda, a Nangondo," anayankha. "Akuba onse amene ndinawagwira anali nawo owakonda."

Sanafune kumukhumudwitsa mkazi wake pamaso, choncho anadikira mpaka masana, wodwalayo atayamba kusinza pampando. Anatenga kasefa ka tiyi kukhitchini, natsegula loko uja. Pamenepo anaima pang'ono. Mumtima munabwera ganizo lakuti adikire mkazi wake adzuke, amufunse bwinobwino chimene ankafuna kunena. Ganizolo linali labwino, ndipo linafika pa nthawi yake. Koma iye analikankha, nati wakuba ukamupatsa nthawi amameza umboni.

Kansomba kaja sikanavute kugwira, kanali katafooka ndi njala ya masiku ambiri. Anakatulutsa, napita nako kuseri kwa nyumba, nakaponya pansi pafupi ndi dzala. Anaima pomwepo atapinda manja, ngati munthu amene wamaliza ntchito.

Kanaphiriphitha pafumbi lotentha, kamwa katatseka. Kanaphiriphithanso, koma osatsegula. Nsomba ikakhala pamtunda imayasamula kufuna mpweya, koma aka kanalimbikira kutseka mpaka mphamvu zitatha. Pomaliza kamwa kanatseguka kokha, ndipo tiana tinayamba kutuluka. Tinatuluka tamoyo, tathunthu, popanda kamodzi kolumidwa, tikugwedeza timichira pafumbi.

Bamboyo anadziwa kuti chinthu chodyedwa sichituluka chamoyo. Anagwada n'kuyamba kutola, koma zala zake zinali zazikulu, ndipo kalikonse kamene ankagwira kankaphwanyika. Anathamangira m'nyumba kukatunga madzi m'kapu. Pobwera anapeza tonse tangoti zii, nyerere zitayamba kale kufika.

Anatola mayi wa tianato, namuika m'dzanja, nalowa pabalaza. Nangondo anali atadzuka. Maso ake anali m'thanki, akufufuza kuseri kwa mwala uliwonse. Kenako anayang'ana dzanja la mwamuna wake.

Bamboyo , kwa nthawi yoyamba chiyambire matenda aja, anakhala chete n'kudikira. Nangondo anavutika nalo lilime, ndipo panapita nthawi. Koma popeza panalibe womudula, mawu anafika.

"Imawabisa," anatero. Anakweza dzanja n'kuloza nsomba yamawanga ija, imene inali itagona pamchenga mwaulemu monga mwa masiku onse. "Yakudya anzake... ndi iyo. Ndakhala... ndikukuuzani."

Atatero anapempha kuti amuperekeze kuchipinda akagone.

Abale ndi alongo, bambo uyu sananame pamene ankati waona ndi maso ake. Anaonadi. Tiana tinalowadi m'kamwa. Koma anaona kwa kanthawi kochepa, ndi mtima umene unali utaweruza kale, ndipo munthu yekhayo amene anaona nkhani yonse sanapatsidwe mpata womaliza mawu ake.

Mtima wokayikira umadzitcha mlonda. Umatiuza kuti ukuteteza banja, ukuteteza mpingo. Koma taonani ulonda wake m'nyumba ija. Unathamangitsa amayi odzapemphera, unapha mayi wosunga ana, ndipo chodya anzake chija unachikhomera m'kati ndi loko kuti chidye mosatekeseka. Choipa chinalimodi m'thankimo, sindikukana. Koma amene anachizindikira ndi uja anakhala pansi n'kuyang'ana modekha, osati uja ankayendayenda ndi kiyi m'thumba.

Ife timachita zomwezi. Mayi wina watenga ana amasiye a mchemwali wake, wawonda chifukwa chowadyetsa, ife tili pakhonde kunong'onezana kuti alipo amene akumupatsa thandizo, akudyera pa anawo. Mpongozi wangokhala chete masiku awiri, tati ayenera kuti akutikonzera chiwembu. Sitinamufunse. Kapena tinamufunsa, koma atangoyamba kuyankha tinamumalizira mawu ndi zimene tinali titaganiza kale.

Mulungu sachita nafe chotero. Amationa tsiku lonse, zaka zonse, ndipo amadziwa chimene tanyamula ndi chifukwa chake. Tikamapemphera mawu akutuluka movutikira, Iye satidula, amadikira mpaka timalize. Akanakhala wotiweruza pongosuzumira kamodzi, palibe mmodzi wa ife akanakhala m'nyumba ino lero.

Tsono ngati mumtima mwanu muli munthu amene mwamugamula kale, musafulumire kumutaya kunja. Pitani mukakhale naye pansi. Mufunseni, kenako tsekani pakamwa panu mpaka amalize, ngakhale achedwe bwanji. Mlonda uja anamva zoona zonse tsiku limene anakhala chete, koma anazimva nsomba ili kale m'dzanja lake, yakufa. Inu wanuyo akadali moyo, ndipo mukhoza kukamumvera lero.