Mmene Chipembere Anaululira Chinsinsi cha Mipope

Kalekale, ana inu ndi inu akuluakulu, Sakhwi ndi mwamuna wake anali m'dimba m'mawa, akutsutsana za tomato. Mwamuna ankati wapsa, mkazi ankati ayambe wadikira. Mpope unkalira thi-thi-thi, madzi akuyenda m'mizere. Kenaka mpope unangoti zii.

Masiku amenewo nyama zinali ndi makompyuta, ndipo pulogalamu yaikulu yowayendetsa inali ya onse. Zinkailemba pamodzi pabwalo, poyera. Aliyense ankatha kuiwerenga, kuikonza ndi kuitenga ulere. Mwambo wake unali wakuti chimene wayala pabwalo si chakonso, ndipo wakonza chinthu ndiye azichisamala. Wosunga mwambowo anali Nungu, mkulu wosadziwa kuseka.

Tsono makina alionse amafuna kapulogalamu kakekake kuti amvane ndi kompyuta. Opanga makina ena ankabweretsa kawo pabwalo. Chipembere, wopanga mipope, ayi. Kake ankakapereka kotseka, kosawerengeka, ngati chikho chomata phula. Pulogalamu ya onse itakonzedwa, kotsekako kanaleka kumvana nayo, ndipo panalibe wotha kukasuzumira m'kati. Mipope yonse zii.

Mwamuna wa Sakhwi anatenga ndowa kupita kumtsinje. Kumtsinjeko kunali Ng'ona. Ndowa yokha ndiyo inapezeka.

Pamaliro Chipembere anabwera, nakhala kutsogolo, napepesa ndi kalendala ya chithunzi cha mpope watsopano.

Atameta, Sakhwi anapita kwa Chipembere kukapempha kuti atsegule kapulogalamu kaja, pakuti anzake ankapitabe kumtsinje ndi ndowa, ndipo Ng'ona anali kunenepa. Chipembere anayankha kuti nzeru zake si thobwa la paukwati loti aliyense azitunga. Anati mpope wakalewo unatha ntchito, mayiyo agule watsopano.

"Wakalewo ulibe chilema, bwana."

"Chilema chake n'chakuti unagula kale."

Sakhwi anathokoza, nabwerera. Kwawo anagunditsa kamphuno kake pa mpope, kumvetsera, kununkhiza, kuyesa. Anatolako pang'ono, koma osakwanira. Ndiye anakhala pansi nalemba kapulogalamu kake. Pamene sankadziwa analakwitsa, ndipo pamene ankadziwa analakwitsa dala. Pamwamba analemba mwaulemu kuti, "Ka mipope ya a Chipembere."

Anakayala pabwalo. Nungu atawerenga, minga yonse inaima njo. Anati chibadwire sanaonepo nyansi zotere. Sakhwi anafunsa ngati pali kena koposa apa. Panalibe. Nungu anakalandira atatseka mphuno.

Mipope inadzuka, koma kudzuka kwake! Wina unkatsokomola kho-kho-kho ngati nkhalamba ya fodya. Wina unkalavulira madzi kumwamba, n'kunyowetsa mwini wake. Wina sunkatulutsa madzi konse, unkangoti bwii, bwii, ngati wadya nyemba zogona. Ana akamva mnzawo wawononga mpweya ankati, "A Chipembere adutsa." Ogula anayamba kucheukira kwina.

Chipembere anafika pabwalo fumbi lili koboo. Analamula kuti zonyansazo zichotsedwe. Nungu anati pano chinthu sichichoka popanda china chochiposa, ngati pali cholakwa aloze. Sakhwi anali atakhala pambali, manja pamiyendo, maso pansi. Anati iye ndi mayi wamasiye wosaphunzira, analemba zimene anamva.

"Mwina mipopeyo ndi mmene inabadwira, bwana."

Chipembere anafwenthera. Anaweramira pa kompyuta, poti maso ake saona patali, naloza mzere woyamba ndi nyanga. Anafunsa kuti ndi chitsiru chanji chimatsegula madzi injini isanatenthe. Sakhwi anapepesa, nakonza, nalakwitsanso.

"Chonchi, bwana?"

"Ayi, chonchi!"

Anapita pa mzere wina. Sakhwi anakonza mokhota.

"Chonchi, bwana?"

"Ayi, iwe, chonchi! Tachoka apo!"

Anamukankha, nakhala yekha pampando, mpando n'kulira kwee. Analemba, analemba, thukuta kamukamu, akutukwana mzere uliwonse asanauwongole. Nyama zinazungulira. Sakhwi ankangoti akaona kuti mkuluyo watopa, n'kunong'oneza mnzake mokweza pang'ono kuti apa pokha ndiye ngakhale mwini wake sangapathe. Chipembere n'kuyambiranso.

Dzuwa lisanapendeke, mpope wa pafupi unati thi. Kenaka thi-thi-thi. Wina unayankha kutsidya, wina kumunsi, madzi n'kuyenda m'madimba monse. Chipembere anaimirira, chifuwa patsogolo, nafunsa ngati aona tsopano mmene mwini wake amalembera.

Nungu anati aona, ndipo athokoza, ndipo zalowa kale mu pulogalamu ya onse.

Chipembere anayang'ana kompyuta, nayang'ana khamu. Chinsinsi chonse chinali pamenepo, mzere ndi mzere, cholembedwa ndi dzanja lake. Anati amangosonyeza, azitenga zinthu zake azipita. Nungu anamukumbutsa kuti chimene wayala pabwalo si chakenso. Anawonjeza, osakweza mawu, kuti poti wakonza ndi iye, wosamala ndi iyenso, mpope ukatsokomola kulikonse azibwera kwa iye.

Ndipo odandaula ankabweradi, m'mawa ndi masana. N'chifukwa chake mpaka lero chipembere chikamva chinthu chikubwera patali chimayamba n'kuthamangitsa, chimayesa ndi wina wadza ndi dandaulo la mpope. Ng'ona anaonda, nthiti kuwerengeka.

Tsono inu, wamkulu akakana kukuuzani mutamugwadira, musalimbane naye. Kalakwitseni pamaso pake, mutchulepo dzina lake. Nthano yanga yatsamira pamenepa, wakumva wamva, wogona adzafunsa anzake.

Madzi anabwerera m'madimba monse. Sakhwi sanamwepo madzi a pa mpope. Mpaka lero amangonyambita mame.